Pampu ya mainchi 2 patatha miyezi 8: madzi imakoka, koma kabuleta yandidyera petulo ndi oyilo

Achimwene ena olima tomato ku Lizulu anandiimbira sabata yatha. "Achimwene, pampu ija munagula mu Epulo ikadali yamoyo? Ndikufuna yonga yomweyo, koma anthu akuti zimenezi zimadontha petulo." Pa foni ndinangoti inde ilipo, ndipo inde imadontha. Yankho limenelo silingamuthandize munthu amene akufuna kutulutsa ndalama zake, nchifukwa chake ndalemba zonse pano.

Ndi pampu ya mainchi 2, injini yake ya petulo ya 6.5 hp, ija amailemba kuti 168F, yopangidwa motengera Honda GX200 ya 196cc. Si Honda yeniyeni, ndipo wogulitsa sanabise. Yathirira mbatatesi ndi kabichi m'dimba cha ku Bembeke kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba, maola opitirira 250.

Zabwino zake nzosachedwa kunena. Imalira pa chingwe chachiwiri ngakhale m'mawa wa Juni, bola mutseke choki. Mbali ya madzi sinavutepo, silo yake yotchinga madzi sikudontha. Thanki ya malita 3.6 imanditengera maola awiri ndi theka ngati sindinaikankhe mpaka kumapeto. Chingwe cholizira chinaduka kamodzi, ndinasintha. Mphamvu ndi yocheperako kusiyana ndi yolembedwa pa katoni, koma apo sindingainene pampu. Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, ndipo buku la injini za Honda limanena kuti mphamvu imatsika ndi 3.5 peresenti pa mamita 300 alionse amene mwakwera. Kuno ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu lapita musanayambe n'komwe. Mpweya wochepawo umachititsanso kuti pulagi izida msanga, ndipo zimenezi zinandisokoneza pambuyo pake.

Vuto ndi kabuleta, chipangizo chimene chimasakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Inadontha katatu, ndipo ulendo uliwonse chifukwa chinali china.

Koyamba munali mu Julaye. Pansi pa kabuleta panali ponyowa, kadontho kakulendewera pa bawuti imene imagwira kambale ka petulo. Petulo amayenda, ndiye pamene akudonthera si pamene akutulukira. Njira yosavuta ndi iyi: tsekani kampopi ka petulo, pukutani kabuleta yonse iume, muwaze ufa woyera pang'ono kuzungulira kambale, pa kampopi ndi polumikizira paipi yochokera ku thanki. Mukatsegula kampopi, pamene ufa wayamba kuda ndi pomwe pali chilonda. Kwa ine ufa unada m'mphepete mwa kambale, pamwamba, kenako mzere unatsika mpaka pa bawuti. Anali mphira wozungulira amene amakhala pakati pa kambale ndi thupi la kabuleta. Unali utafufuma n'kutuluka m'kanjira kake. Ndinamasula ndi sipanala ya 10, n'kuika wina pamodzi ndi washala yatsopano ya pa bawuti. Pamenepa anthu amalakwitsa ziwiri. Ena amamanga bawuti mwamphamvu poganiza kuti kudontha kusiya, koma kambale kamapindika pakati ndipo mazinga a m'kabuleta, amene ndi chitsulo chofewa, amatha. Ena amapaka silikoni. Petulo amaifewetsa, tizidutswa take timakatseka jeti, kabowo kodutsa petulo, injini n'kuyamba kulira modukizadukiza. Mphira wouma, woikidwa bwino, ndi wokwanira.

Kachiwiri ndi komwe kunandiopsa. Chakumayambiriro kwa Ogasiti pampu inagona kampopi kali kotsegula, thanki itadzaza. M'mawa munali mutachoka pafupifupi lita yathunthu, pansi popanda chithaphwi choti n'kufanana ndi lita. Sefa ya mpweya inali itanyowa petulo, chingwe chikulimba ngati injini yagwira. Nditatsegula pothirira oyilo, anasefukira yekha, wopyapyala ngati tiyi, akununkha petulo.

Zimachitika motere. M'kambale muli fuloti, kapulasitiki koyera koyandama. Petulo akadzaza, fuloti imakwera n'kukankha kasingano ka mutu wa mphira kuti katseke pobwerera petulo. Thanki ili pamwamba pa kabuleta, petulo amatsika yekha, ndiye chimene chikumugwira ndi kasingano kokhako. Kakapanda kutseka, petulo amakwera mpaka kukhosi kwa kabuleta, wina n'kutulukira ku sefa ya mpweya, wina n'kudutsa pa valavu kulowa mu silinda, kenako kutsetsereka m'mbali mwa pisitoni mpaka mu oyilo. Choipa kwambiri n'chakuti kachipangizo kamene kamazimitsa injini oyilo akachepa kamangoona mulingo. Petulo akawonjezera mulingowo, kamaona ngati zonse zili bwino, injini n'kumalira ndi oyilo amene sakuteteza kanthu. Wina akhoza kuthirira tsiku lonse chonchi, madzulo injini yatha.

Mukapeza zotere musalize. Zimitsani switchi, tsekani kampopi, chotsani pulagi, muike chipewa chake kutali ndi bowo, ndipo kokani chingwe kangapo kuti petulo wa mu silinda atuluke. Pasakhale wosuta fodya kapena moto wa zinyalala pafupi. Khuthulani oyilo yense, muthire watsopano, malita 0.6 a 10W-30 kapena amene buku lanu lanena. Sefa ya siponji ichapidwe ndi sopo, iume bwino, kenako muinyowetse ndi oyilo pang'ono n'kufinya.

Kuti mudziwe ngati wolakwa ndi kasingano kapena fuloti, chotsani kambale, ikani chitini pansi, tsegulani kampopi, ndipo mukweze fuloti pang'onopang'ono ndi chala osakanikiza. Petulo akasiya kutuluka, kasingano kakutseka, kayikirani fuloti. Akapitiriza kudontha, vuto lili pa kasingano kapena pokhalira pake. Yanga inapitiriza. Nditasolola kapini kogwira fuloti, pa mutu wa kasingano panali kachidutswa ka dzimbiri kochepa ngati njere ya fodya. Kakapu kogwira zinyalala pansi pa kampopi kanali ndi matope ofiira ndi madontho a madzi pansi pake.

Apa ndiyenera kunena zoona, mbali ina ya mlanduwu si ya pampu. Petulo akasowa pa malo omwetsera mafuta timagula wa m'zigubu, ndipo m'chigubu mumakhala chilichonse. Komanso petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo usiku wozizira wa ku Dedza umapangitsa thanki yosadzaza kuchita thukuta mkati. Madziwo amakhala pansi, thanki ndi yachitsulo, dzimbiri n'kuyamba. Koma thanki ya miyezi inayi yokha siyenera kuchita dzimbiri chonchi. Nditawalitsa tochi mkati, chitsulo chake chinali chosapakidwa kanthu, ndipo m'mphepete mwa msoko munali mutafiira kale.

Ndinachotsa thanki, n'kuitsuka ndi petulo woyera katatu, ndi kasefa ka potulukira komwe. Pokhalira kasingano ndinapukuta ndi kathonje ka m'makutu kopaka mankhwala otsukira mano pang'ono, n'kutsuka bwino. Musalowetsemo waya kapena msomali, mukakanda pamenepo kabuleta yonse yatha ntchito. Musanabwezere, yesani ndi pakamwa: lumikizani kapaipi koyera polowera petulo, tembenuzani kabuleta chadodolido kuti fuloti igonere kasingano ndi kulemera kwake, ndipo uzirani. Mpweya usadutse. Mukaitembenuza bwino, udutse. Yanga inapambana mayeso amenewa, ndipo kwa milungu itatu ndinkauza aliyense kuti pampuyi ndi yabwino, vuto ndi petulo wathu.

Kachitatu kanandichotsa mawu m'kamwa. Kudontha kwake kunali kwa kabisira. Injini ikulira, utsi wakuda pang'ono, pulagi yakuda ngati mwaye wa kukhitchini, thanki imene inkatha maola awiri ndi theka ikutha asanakwane awiri. Poyamba ndinkati ndi kukwera kwa malo kuja, popeza kuno pulagi imada kale. Chimene chinaulula ndi chakuti ikazima, pakatha mphindi 10 kukhosi kwa kabuleta kunkanyowa. Kuyesa ndi chala, petulo ankasiya. Kuuzira, mpweya sunkadutsa. Kasingano kanalibe mlandu. Nditachotsa fuloti n'kuigwedeza pafupi ndi khutu, munkamveka kuti khuchukhuchu. Poyang'ana pa dzuwa, petulo ankaoneka mkati mwake, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndinaimiza m'kapu ya madzi otentha, kutali ndi moto, ndipo tithovu tinayamba kutuluka motsatizana pa msoko pamene mbali ziwiri za pulasitiki zinamatidwa. Fuloti yolemera imakhala pansi m'petulo, ndiye mulingo umakwera kupitirira malire isanakankhe kasingano.

Vuto la fuloti yolemera si la mapampu otchipa okha. Pa ndege zing'onozing'ono za injini ya Rotax 912, imene ili ndi makabuleta awiri a Bing, amakaniko amayeza mafuloti pa sikelo, ndipo awiri a kabuleta imodzi akapitirira magalamu 7 amasinthidwa onse, chifukwa petulo wosefukira pafupi ndi ekizozi yotentha m'mwamba ndi nkhani ya moyo. Ife sikelo yotere tilibe, koma khutu, dzuwa ndi madzi otentha zimagwira ntchito yomweyo. Fuloti yoboka simatidwa, guluu sakhalitsa m'petulo. Ya pa injini izi sipindidwanso kuti musinthe mulingo, popeza ndi pulasitiki yokhayokha. Pa Honda msinkhu wake ndi mamilimita 13.7, ndipo ukasiyana mumangosintha fuloti kapena kasingano.

Pali zina ziwiri zimene zimasefukiritsa ngakhale kabuleta yabwinobwino. Kuika pampu pa gombe lotsetsereka kumapendeketsa petulo m'kambale, choncho kumbani pang'ono pakhale posalala, muikepo thabwa. China ndi kuinyamula pa ngolo kapena pa njinga kampopi kali kotsegula. Mabampu amadumphitsa fuloti, kasingano n'kumatseguka njira yonse. Tsekani kampopi injini ikadalira, muisiye mpaka izime yokha.

Tsopano za wogulitsa. Pa lisiti analemba kuti galanti ndi ya miyezi 6. Ndinapita nayo fuloti ija ku sitolo yake ku Lilongwe kumayambiriro kwa Seputembala, galanti isanathe, petulo akadali mkati mwake. Anaigwedeza yekha, anamva. Koma anati, "Bambo, za kabuleta sitilandira, zimenezi ndi petulo wanu wa m'zigubu." Ndinawauza kuti, "Bwana, dzimbiri lija ndavomera kuti mwina ndi langa, koma petulo wakuda saboola msoko wa pulasitiki." Yankho lawo linali loti fuloti payokha sagulitsa, ndigule kabuleta yathunthu. Pa lisiti panalibe pamene panalembedwa kuti kabuleta ili kunja kwa galanti. Titakambirana nthawi yaitali, mnyamata wa m'sitolomo anakachotsa fuloti ndi kasingano pa pampu ina yobwezedwa imene inali kuseri, ndipo anandilipiritsa ndithu, ngakhale zochepa. Ndinaziyerekeza ndi zakale ndisanachoke, chifukwa timasingano ta injini izi timasiyana kutalika ndi kakoledwe kake pa fuloti ngakhale kunja kabuleta zikuoneka zofanana. Kuyambira pamenepo sinadonthenso, ndipo mu Okutobala, dzuwa litafika poipa, inagwira masiku otsatizana osavuta.

Ndikawerengetsa, zitsulo zimene zinaonongeka nzotchipa zedi: mphira, washala, fuloti, kasingano. Ndalama zinapita kwina. Oyilo ndinasintha kawiri nthawi yake isanakwane. Petulo wotayika ndi wopsa mopitirira muyeso anakwana malita 6 kapena 7, nthawi imene lita ya m'chigubu inali yodula koopsa. Minibasi yopita ku Lilongwe ndi kubwerera inadya zambiri kuposa fuloti yomwe ndinkakatenga. Masiku anayi kabichi sanamwe madzi ali pa msinkhu wokulunga mitu. Tsiku limene ndinkachokera ku sitolo kuja ndikanauza aliyense kuti asayerekeze kugula. Lero, mbatatesi zitagulitsidwa ndipo pampu itabweza ndalama zake m'chilimwe chimodzi, mtima watsika. Honda yeniyeni mtengo wake ndi wokwera kangapo, ndipo alimi ambiri a m'madimba sangayambire pamenepo.

Achimwene a ku Lizulu, ngati mukugula, chitani izi muli m'sitolo momwemo. Walitsani tochi m'thanki muone ngati mkati ndi mopakidwa. Athiremo petulo pang'ono, atsegule kampopi, pampu ikhale mphindi 15 osaliza, kenako mugwire pansi pa kambale ndi kuseri kwa sefa ya mpweya. Muwauze alembe pa lisiti ndi dzanja lawo ngati kabuleta ili m'galanti kapena ayi. Fuloti, kasingano ndi mphira wa kambale zapadera zilowe pa mtengo womwewo musanapereke ndalama, chifukwa mukangotuluka pakhomo mawu amasintha. Mugulenso fanulo ya kasefa kosalala, petulo aliyense azidutsa pamenepo.

Yanga pano ili m'nyumba kudikira kuti mvula ithe. Petulo ndakhuthula m'thanki, wa m'kambale ndatulutsa pa kasikuluwu ka pansi, madzi a m'pampu ndataya, mu silinda ndathira oyilo wokwana supuni yaing'ono n'kukoka chingwe pang'onopang'ono. Wogulitsa uja analonjeza kuti katundu watsopano akafika andisungira thanki yopakidwa mkati pa theka la mtengo. Ndaimba kawiri, akuti sanafike. Ndidzaimbanso mu Malichi, ndipo akadzapanda kukhala nayo ndidzagula kwina dimba lisanayambe.