Nazale ya mitengo yokwatitsa ija ya pa Kasungu boma

Amene mumafunsa ngati mungagule mbande pa nazale ija ili m'mbali mwa msewu wa M1 mukangotuluka mtauni ya Kasungu, mbande zawo ndi zabwino ndithu koma osagula mothamanga. Ine ndinatengako mango a Tommy Atkins ndi Kent komanso mapeyala a Hass, mango anagwira bwinobwino koma mapeyala aja atangolowa m'dothi anayamba kufota, masamba kupsa m'mphepete ngati awauka ndi moto, lina mpaka kuyoyola masamba onse kutsala kandodo kokha.

Pomwe ndawapatsa ulemu ndi poti madala a pamenepo sathawa foni akalandira ndalama. Nditawatumizira zithunzi pa WhatsApp funso lawo loyamba linali loti mwathirapo feteleza? Akuti anthu ambiri akangoona mtengo ukufota amathamangira Urea, pomwe mizu ikadali yanthete ndiye feteleza uja amangoiwotcha basi, bola manyowa owola bwino. Kenako anati ndifukule pang'ono pafupi ndi tsinde ndione ngati madzi sakudikha chifukwa peyala silimva za madzi odikha, mizu imaola msanga ndipo masamba amafota chimodzimodzi ngati lili ndi ludzu, munthu nkumangowonjezera madzi kumalipha osadziwa. Kuthirira kwake ndi ndowa yodzaza kawiri pa sabata kuti madzi alowe pansi, osati kakapu tsiku ndi tsiku.

Za kuphimbira ndi udzu ndinakayika kaye, kuno ku Kasungu chiswe mukuchidziwa. Iwo anati phimbirani koma udzu usakhudze tsinde, musiye mpata wa chikhatho, ndipo pamwamba mumange kamthunzi ka udzu mpaka mtengo utalimba. Anandikumbutsanso kumasula kapulasitiki ka pomwe anakwatitsa paja (pomwe analumikiza kanthambi ka Hass ku tsinde la mtengo wamba) kasanayambe kumanga khungwa, ndi kubudula mphukira zonse zotuluka pansi pake chifukwa zimenezo ndi za mtengo wamba, mukazisiya zimapha Hass wanu. Peyala lija loyoyola masamba anati ndikande khungwa ndi chikhadabo, mkati munali mobiriwira, pano latulutsa timasamba tatsopano.

Koma zodandaula zilipo. Machubu awo ndi aang'ono ndiye mbande zina zakhalitsa, mizu yazungulirazungulira pansi ina mpaka yaboola chubu, zotero zimavuta kugwira, nyamulani chubu muone kunsi musanalipire. Mayina salemba pa mbande, mnyamata wa pamenepo amangoloza kuti uyu Kent uyu Tommy, mudzadziwa zoona akadzabereka. Komanso amagulitsa nthawi iliyonse olo mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo osakuchenjezani. Ngati mulibe chitsime pafupi dikirani mvula ikhazikike, nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo koma ku Epulo kuja kwachedwa kale kwa peyala. Ndidzapitakonso kukatenga malalanje, koma mbande ndidzasankha ndekha.