Bokosi la mafilimu a Ingrid Bergman: zithunzi n'zoyera, koma mbiri yake yadumphidwa

Ndakhala ndi bokosi la ma DVD anayi a Ingrid Bergman, mayi wotchuka wosewera m'mafilimu, kwa milungu itatu tsopano, ndipo filimu iliyonse ndaionera kawiri. Muli Casablanca ya 1942, Gaslight ya 1944, Notorious ya 1946 ndi Anastasia ya 1956.

Anthu amene anakonzanso zithunzi za mafilimu atatu oyambirirawo, omwe ndi opanda mitundu, anagwira ntchito yotamandika, ndipo kwa mayiyu zimenezi n'zofunika kwambiri chifukwa luso lake lalikulu linali pankhope. Mu Gaslight, pamene nyale ya gasi ikuyamba kuchepa mphamvu ndipo Paula, yemwe ndi Bergman mufilimumo, akukweza maso kuyang'ana kudenga kumene kukumveka mapazi a munthu, mantha amaoneka akumulowa pang'onopang'ono asanalankhule liwu ndi limodzi lomwe, pakuti mwamuna wake, yemwe ndi Charles Boyer mufilimumo, wakhala akumuuza kuti mutu wake sukuyenda bwino. Ndinabweza kangapo malo amenewa, ndipo sindikudabwa kuti mphoto yake yoyamba ya Oscar anaipezera pamenepa. Mu Notorious, wotsogolera filimuyo Alfred Hitchcock amatsitsa kamera kuchokera pamwamba pa masitepe, kudutsa alendo a paphwando, mpaka kukafika pa kiyi wa chipinda cha vinyo amene Alicia, yemwenso ndi Bergman, wafumbata m'dzanja, ndipo pa DVD iyi ngakhale kunjenjemera kwa zala zake kumaoneka bwinobwino.

Za Casablanca palibe chodandaulitsa. Pa Anastasia, mawu olembedwa m'munsi amachedwa kutuluka, moti munthu amawerenga zimene zanenedwa kale.

Chimene chandikhumudwitsa kwenikweni ndi kasankhidwe ka mafilimu. Wogula amene sakumudziwa Bergman angaganize kuti pakati pa 1946 ndi 1956 anangokhala manja lende, chonsecho m'zaka zimenezo ndi pamene moyo wake unatembenuka. Anapita ku Italy kukagwira ntchito ndi wotsogolera mafilimu Roberto Rossellini, awiriwa anagwa m'chikondi onse ali pabanja, ndipo mwana wawo atabadwa mu 1950, anthu a ku America anamufulatira Bergman mpaka phungu wina, Edwin C. Johnson, anamunyoza poyera m'nyumba ya malamulo ya Senate. Ku Italy kumeneko anapanga Stromboli, Europa '51 ndi Viaggio in Italia, mafilimu amene anamuchotsa m'nyumba zojambuliramo za ku Hollywood n'kumuika pakati pa asodzi ndi phulusa la phiri lamoto. Kwa ine, mayi wosochera amene akukwera phiri la Stromboli yekhayekha akulira ndi Bergman weniweni kuposa Ilsa amene anasewera mu Casablanca, ngakhale kuti Ilsayo ndimamukonda.

Popanda filimu imodzi ya ku Italy, Anastasia imataya kulemera kwake, chifukwa Oscar yachiwiri imene anapata nayo inali chizindikiro choti Hollywood yamulandiranso, ndipo pa mwambowo iye kunalibe, anakamulandirira ndi Cary Grant. Kabuku ka m'bokosimu kamatchula nkhaniyi m'mizere iwiri yokha. Sikanenanso kalikonse za Autumn Sonata ya 1978, imene anasewera ndi Liv Ullmann motsogoleredwa ndi Ingmar Bergman (amene sanali m'bale wake), Ingrid ali kale ndi khansa ya m'mawere, matenda amene anamupha ku London pa 29 Ogasiti 1982, tsiku limene anakwanitsa zaka 67.