Loya wamba, loya wa za mpikisano kapena CFTC: komwe ndinaluza ndi komwe sindinalipire kanthu

Anzanga a magolosale pano pa Dedza mwandifunsa mokwanira kuti nkhani yanga ya majuwisi inatha bwanji. Ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere yekha.

Inali nthawi ija shuga anasowa, kumayambiriro kwa 2024. Mwini holoselo ina ku Lilongwe anaika lamulo lakelake: belo la shuga silituluka lokha, ugule pamodzi ndi makatoni a juwisi. Dzina lake sinditchula, ena mwa inu mumapikulabe komweko. Ndinagula, nanga makasitomala akanamwera chiyani tiyi? Kufika kuno, kutsegula makatoni, madeti atsala masabata awiri. Kumapiri kuno anthu amafuna tiyi, juwisi amayenda pang'onopang'ono. Nditabwerera nawo, mnyamata wa pakauntala sanayankhule n'komwe, anangondilozera chikwangwani: katundu akatuluka sabwezedwa. K180,000 inagona pamenepo.

Komiti ya pamsika ndinaisiya, ilibe mphamvu pa munthu wa ku Lilongwe. A Legal Aid Bureau amathandiza anthu osowa ndalama zolipira loya, ndipo ine wagolosale ndinaona kuti ndikangotsekereza mzere wa amayi olandidwa minda. Zinatsala njira zitatu: loya wamba, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda la CFTC, ndi loya wa za mpikisano.

Ndiyambe ndi yomwe inandipweteka. Ndinapita kwa loya wamba, wa maloya aja amagwira chilichonse: malo, chuma chamasiye, ngozi za pamsewu, kutha kwa mabanja. Anandilandira bwino, mpando wofewa, madzi ozizira. "Bambo, iyi ndi nkhani yaing'ono, kalata imodzi basi anjenjemera." Anati ndipereke K150,000 yotsegulira failo. Mumtima mwanga ndinati ndiye mtengo wa ntchito yonse umenewu. Sindinafunse, ndipo iye sanandiuze.

Kalata inapitadi, yowapatsa aholoselo masiku 14. Iwo anayankha mizere itatu yokha, kuti katundu ndinamuona ndisanagule. Kenaka kunabwera pepala la ngongole. Kulemba kalata, mtengo wake. Wokapereka kalatayo, mtengo wake, chonsecho maofesi awiriwo ali mumzinda umodzi. Mafoni awiri omwe ndinaimba ine, ndi mayunitsi anga, kufunsa kuti zili pati, nawonso anawerengedwa ngati nthawi yake. Pansi pake VAT ya 16.5 peresenti. Koma chomwe chimandiwawabe mpaka lero ndi mzere wina wotchaja kuwerenga yankho. Kuwerenga mizere itatu! Mwana wanga wa Sitandade 6 akanandiwerengera ndi kumugulira mandasi. Zonse pamodzi zinakwana K260,000, kuposa majuwisi omwe ndimalirira aja. Kuonjezera apo, maulendo atatu a minibasi pa M1, makilomita oposa 80 kupita kokha, golosale nditasiyira mlamu wanga yemwe amakongoza aliyense womupatsa moni.

Nditafunsa kuti tsopano titani, anati kutsala kukhoti, ndipo pafunika dipoziti ina. M'miyezi yonseyo sanatchulepo ngakhale kamodzi kuti kuli lamulo la mpikisano pa malonda. Iye amaona mgwirizano wa wogula ndi wogulitsa basi. Ndisanamizire munthu, pa nkhani za malo ndamva kuti ndi katswiri. Koma apa anali sing'anga wa mano akuyeza diso.

Njira yachiwiri ndinaidziwira pamaliro ku Bembeke mwezi wa August. Mwana wa atsibweni anga ndi loya ku Lilongwe, anaphunzira ku Chancellor College ku Zomba, ndipo ntchito yake ndi ya malamulo a mpikisano omwewa. Titakhala pambali ndinamuonetsa pepala la ngongole lija. Anaseka mpaka azakhali anatiyang'ana.

"Asuweni, ndalama zonsezi munali nazo, osandigairako? Nkhani iyi si yofuna loya."

Anandifotokozera kuti aholoselo analakwa pawiri. Kukakamiza munthu kugula katundu wina kuti apeze yemwe akumufuna ndi zina mwa zomwe bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, limaletsa. Chikwangwani chokana kubweza katundu nachonso n'chosaloledwa, chikhale cholembedwa ndi choko kapena chodindidwa pa lisiti. Kudandaula ku bungweli n'kwaulere, ndipo sufunika loya wokuimira. Umangofotokoza zomwe zinachitika, n'kupereka umboni.

Chifukwa chomwe ambiri timalionera pansi bungweli chiliponso. Lamulo lakale linali la 1998, ndipo mu 2023 khoti lalikulu linagamula kuti lamulolo silinapatse CFTC mphamvu zolipiritsa chindapusa payokha. Galu anatsala wouwa chabe. Aphungu anakonza lamulo latsopano lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024. Tsopano bungweli likhoza kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama, komanso kutchaja kampani chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zonse zomwe yagulitsa pachaka. Wamalonda aliyense akudziwa kusiyana kwa phindu ndi zogulitsa, ndiye mukhoza kuona chifukwa chake kalata ya kumeneko imawerengedwa kawiri.

Koma musapite ndi maganizo olakwika. CFTC si loya wanu. Imamva mbali zonse ziwiri, imafufuza, ndipo si za tsiku limodzi. Chindapusa sichilowa m'thumba mwanu. Thiransipoti yomwe munawononga musaiyembekezere.

Yachitatu ndi loya ngati msuweni wangayo. Ndinamufunsa kuti nanga iwe umadya chiyani ngati anthu ngati ife sitikufunika. Anati makasitomala ake ndi makampani. Kampani ikafuna kugula inzake, iye ndi amene amakonza zikalata zokapempha chilolezo ku CFTC, ndipo malondawo akamakhudza maiko angapo a COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, nkhani imapita ku bungwe la mpikisano la COMESA, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe komweko. Amawerenga mapangano a mafakitale ndi ma ejenti awo, kuona ngati mulibe mawu oletsa ejenti kugulitsa katundu wa kampani ina kapena omuuza mtengo wogulitsira. Amaimiranso makampani omwe akuganiziridwa kuti anapangana mitengo mseri. Akuti theka la ntchitoyi ndi masamu: msika ndi uti, ndani ali ndi gawo lalikulu, mtengo unakwera chifukwa kwacha inagwa, ngati muja inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, kapena anthu anakhala pansi n'kupangana. Kukhoti amapitako mwa apo ndi apo, nthawi zambiri amakhala pa kompyuta.

Mtengo wake sindinafunse, ndinangoona galimoto yomwe anabwera nayo. Maloya otere ndi ochepa, ndipo pa Dedza kapena pa Ntcheu sindinaonepo chikwangwani cha mmodzi. Kwa wagolosale mmodzi n'kuphera nyerere ndi nkhwangwa. Koma alimi a mbatatesi a ku Tsangano kapena Lizulu atakhala gulu, n'kuona kuti ogula akuluakulu apangana mtengo umodzi wowafinya, pamenepo kusonkherana kulemba munthu wotereyu kungakhale kwanzeru, chifukwa kupangana mseri n'kovuta kukutsimikiza ndi pakamwa pokha. Mwina ndikukondera poti ndi wachibale. Komabe iye anandiuza zoona m'mphindi khumi, atakhala pamphasa, osatchaja kumvetsera.

Dandaulo ndinalemba ndekha, tsamba limodzi. Lisiti linali litayamba kufufutika, mapepala a makina aja sachedwa, mwayi mwana wanga analijambula pafoni tsiku lomwe ndinagula. Ndinaikanso chithunzi cha madeti ndi cha chikwangwani. Patapita masabata angapo mwini holoselo anaimba yekha. "Achimwene, zinthu zazing'ono ngati izi mpaka kumaofesi? Bwanji tingokambirana?" Ya majuwisi inabwera yonse kudzera pafoni.

K260,000 ija ndiye inapita. Mwezi watha kalaliki wa loya uja anaimba kufunsa ngati ndikufuna kuti atseke failo. Ndinamufunsa ngati kutseka nako kuli ndi mtengo wake. Anati afunsa kaye abwana.