Masitepe 54 ndi hita ya agogo: mausiku anayi pa kahotela kotchipa ku Valletta

Ndiyambe ndi za ndalama, poti ndikudziwa kuti ambiri mufuna kumva zimenezo. Tinkalipira mayuro 58 pa usiku, anthu awiri, chakudya cha m'mawa chili momwemo, mkatikati mwenimweni mwa Valletta, likulu la dziko la Malta. Tinafika pa 8 Febuluwale n'kugona mausiku anayi. Pamwamba pake panali kamsonkho ka alendo ka masenti 50 pa munthu usiku uliwonse, komwe amalandira pamanja tsiku lofika. Dzina la hotelayo sindilemba, chifukwa zina zomwe ndinene pano ndi madandaulo, ndipo agogo amene amayendetsa malowo sindikufuna kuwayalutsa pagulu. Tihotela ta mtundu umenewu tilipo tambiri m'timisewu totsikira ku doko la Grand Harbour, ndiye zomwe ndaonazi zikhoza kukuthandizani kulikonse komwe mungasankhe.

Ulendowu unali wa bambo a kunyumba. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo nkhani ya Paulo yosweka chombo ija aiphunzitsa kangapo konse, mpaka ana athu amaloweza kuti m'chombomo munali anthu 276. Chisumbu cha Melita cha pa Machitidwe 28 ndi Malta yemweyu, ndipo pa 10 Febuluwale chaka chilichonse dziko lonse limakhala pa tchuthi kukumbukira tsikulo. Kuchokera ku Manchester komwe timakhala ndi maola atatu ndi theka pandege. Ife a pasipoti ya Malawi timafunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, ndipo pofunsira amafuna umboni wa malo ogona. N'chifukwa chake ndinasankha hotela yolola kusintha maganizo osadulidwa ndalama. Ndinayang'ana mtengo, ndinayang'ana mapu, ndinayang'ana zithunzi za bedi. Mawu ang'onoang'ono onena kuti mulibe chikepe ndinawadumpha.

Basi yochokera kubwalo la ndege imakusiyani kunja kwa mpanda wa mzinda, pa kasupe wa Triton. Kuchokera apo n'chapansi. Mukalowa pa City Gate n'kuyamba kutsata Republic Street mumaona ngati zonse zili bwino, msewu wosalala, sutikesi ikungodzigudubuzikira. Mukangokhotera kumanja, msewu umasanduka masitepe. Mzindawu anayamba kuumanga mu 1566, patangopita chaka kuchokera pamene asilikali a ufumu wa Ottoman, wa ku Turkey, anazinga chisumbuchi n'kulephera kuchilanda. Jean de Valette ndi asilikali ake a chipani cha Yohane Woyera anasankha msana wa phiri pakati pa madoko awiri, n'kujambula misewu yowongoka ngati mizere ya m'munda wa fodya, osasamala kuti apa n'pokwera apa n'potsika. Lero amene akulipira mtengo wa nzeru zawozo ndi munthu wonyamula sutikesi ya makilogalamu 20.

Titafika pakhomo, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkawaza, tinapeza kuti chipinda chathu chili pamwamba penipeni. Masitepe amwala, opapatiza, okumbika pakati chifukwa cha mapazi a anthu a zaka mazanamazana. Ndinawawerenga tsiku lachiwiri: 54. Bambo anaima pakati, dzanja pabondo lawo lovuta lija, n'kundiyang'ana.

"Mayi, mwatibweretsa ku hotela kapena ku Sapitwa?"

Sindinayankhe. Mnyamata wa pa risepushoni, wochokera ku Nepal, anabwera n'kusenza masutikesi onse awiri ulendo umodzi, ndipo titafuna kumupatsa kangachepe anakana kawiri, kachitatu n'kulandira.

Chipindacho kukongola ndiye n'kokongola. Denga lili kutali, la mitanda yamatabwa yakuda, pansi pali matailosi akale a maluwamaluwa, makoma ndi amwala wachikasu womwe mzinda wonse unamangidwira. Mwala umenewu ndi wofewa, umanyenyeka. M'mawa uliwonse ndinkapeza kafumbi kachikasu pa nsapato zomwe ndaika m'mbali mwa khoma. Bedi linali lalikulu, matiresi olimba bwino, mashiti oyera ochapidwa mokwanira. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kuyala mabedi ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, ndiye chinthu choyamba ndikalowa m'hotela ndimatukula matiresi n'kuunika m'misoko ndi tochi ya foni. Nsikidzi munalibe. Pa ukhondo sindingawanamizire.

Vuto linali kuzizira. Munthu akamva za Mediterranean amaganiza za dzuwa, koma nyumba za ku Malta anazimangira chilimwe, makoma okhuthala oti kutentha kusalowe. M'nyengo yozizira makoma omwewo amamwa chinyezi cha kunyanja n'kumachisunga. Kunja masana kunali kofunda kuposa m'chipinda. Si kuzizira kwa ku Manchester koluma m'makutu ayi, ndi kuja kwa chiperoni cha ku Thyolo, kolowa m'mafupa mwakachetechete, mashiti n'kumamveka ngati sanaume bwino pachingwe. Kuseri kwa wadirobu kunali chuku chakuda, ndipo fungo lake linalowerera m'majuzi athu.

Makina otenthetsa m'chipinda analipo, omwenso amaziziritsa nthawi yachilimwe, koma analumikizidwa ku kabokosi koponyamo makobidi. Yuro imodzi inkatha ife tisanagone tulo tofa nato. Zimenezi pa intaneti sanalembe, ndipo ndi chinthu chimodzi chomwe chinandikwiyitsadi. Ngati mtengo wa chipinda ndi 58, nenani kuti ndi 58 kuphatikizapo ndalama ya moto, munthu adziwiretu. Usiku woyamba tinalibe makobidi okwanira, pa risepushoni anali atatseka 8 koloko, ndiye tinagona titavala masokosi ndi zipewa, chitenje changa chili pamwamba pa bulangete.

M'mawa mwake ndinatsika nditakonzekera kuyankhula. Ndinapeza agogo eni malo, mayi wamfupi wa imvi mutu wonse, akudula buledi. Anandipatsa moni wachikwawo, "Bonġu", n'kundifunsa m'Chingerezi ngati tagona bwino. Ndinawauza zonse. Anamvetsera, anati "mela, mela", mawu omwe anthu akumeneko amaponya paliponse monga ife timachitira ndi "basi" kapena "eti", osapepesa, osatsutsa. Ndinakwera masitepe aja ndikung'ung'udza. Madzulo tikuchokera koyenda tinapeza pakhomo pa chipinda pali hita ya mafuta ya mateyala, mabulangete awiri aubweya, ndi kathumba ka madzi otentha koluka kunja. Mnyamata uja anatiuza kuti hitayo ndi ya kuchipinda kwa agogowo, ndipo magetsi ake sapita ku kabokosi kaja.

Bambo anakhala pabedi n'kuseka mpaka misozi. Akuti ndime yachiwiri ya Machitidwe 28 yemwe uja imanena kuti anthu a pachisumbupo anawasonkhera moto a Paulo chifukwa cha mvula ndi kuzizira.

"Mwaona, mayi? Mtundu wake sunasinthe."

"Koma a Paulo sanawauze kuti aziponya makobidi," ndinatero.

Kubafa ndidutseko mwachangu. N'kwakung'ono, ukawerama kutola sopo mutu umagunda chitseko. Giza ndi yaing'ono, siwichi yake ili kunja, muyatse mphindi 40 musanasambe, ndipo madzi otentha amakwanira munthu mmodzi ndi theka. Matawulo anatisinthira kamodzi. Madzi a pampopi akuti ndi abwino kumwa, koma ambiri mwa madzi a dzikoli amachita kusefa a m'nyanja ya mchere, ena n'kupopa pansi panthaka, ndiye amamveka ngati a m'mijigo ina ya ku Chikwawa. Tiyi wa Chombe yemwe ndinanyamula anasanduka wina. Gulani madzi a m'mabotolo akuluakulu, ngakhale kuti kuwakweza masitepe 54 ndi ntchito inanso. Chomwe chinandisangalatsa ndi masoketi: ndi a mano atatu, ofanana ndi a ku Britain ndi kwathu, adaputa yomwe ndinagula sinagwire ntchito. Magalimoto nawonso amayenda kumanzere. Onse tinalamulidwapo ndi Angerezi, ndipo tinalandira ufulu chaka chimodzi, ife pa 6 Julayi 1964, iwo pa 21 Sepitembala. Wi-Fi inkagwira bwino pa masitepe, m'chipinda inkangobwera n'kumapita.

Chakudya cha m'mawa n'chosachititsa kaso: buledi, batala, jamu, tchizi, dzira lowiritsa, khofi. Masiku onse anayi chimodzimodzi. Buledi wake yekha ndiye ndimutame, wachikwawo, wa khungu lolimba lokhukhuta, mkati mofewa. Bambo, omwe m'mimba mwawo simukhazikika popanda chotentha, ankatuluka cha m'ma 10 kukagula pastizzi, timikate tamafuta toikamo tchizi chofewa kapena nsawawa zophwanya, tosafika yuro imodzi kamodzi. Titatu ndi kapu ya tiyi, munthu wafika masana. Tsiku lina tinadya kalulu wophika mu vinyo ndi adyo, ndiwo yomwe eni dziko amanyadira, ndipo bambo anati kalulu wotere kusowa nsima ndi tchimo. Chakumwa chawo cha Kinnie, cha malalanje owawa, ine chinandikanika.

Tsopano chomwe ndalama yanu ikugula kwenikweni si chipinda, ndi khonde ndi malo pomwe nyumbayo ili. Nyumba za ku Valletta zili ndi timakonde tamatabwa totsekedwa ndi mawindo, totulukira pamwamba pa msewu, tobiriwira, tofiira, tabuluu, tomwe amati gallarija. Kathu kanali kobiriwira, penti ikusupuka, mokwana mipando iwiri. Ukakhala mmenemo umaona msewu wonse ukutsika mpaka kumathero komwe kukuoneka kachidutswa ka nyanja. Kutsidya, mayi wina ankatsitsa dengu pachingwe kuchokera pawindo lake kuti wobweretsa buledi aikemo, iye osatsika. Ndinaganiza zopempha chingwe nanenso.

Pa 10 paja tinaonera chikondwerero tili momwemo kaye, kenako n'kutsika. Tchalitchi cha St Paul's Shipwreck chinali mphindi zochepa kuchokera pakhomo pathu. Amasungamo fupa lomwe amati ndi la padzanja la Paulo, ndi chidutswa cha mwala womwe amati anamudulirapo mutu ku Roma. Madzulo amuna ovala zoyera anatulutsa chifanizo chachikulu cha Paulo pamapewa, mabandi a malipenga akuimba, anthu akuwaza timapepala toduladula kuchokera m'makonde mpaka msewu unayera, ana n'kumagubudukamo. Ife a Chipulesibateriya za zifanizo si zathu, koma bambo anaima pamenepo maola awiri, bondo lija ataliiwala.

Zina zonse n'zoyenda wapansi, poti mzindawu m'litali ndi kilomita imodzi yokha. Ku Upper Barrakka Gardens, komwe amaomba mzinga 12 koloko masana ndi 4 koloko madzulo, ndi mphindi zisanu. Pomwepo pali chikepe cha mamita 58 chotsikira kudoko, komwe mumakwera boti kuwolokera ku Birgu. Ku tchalitchi cha St John's Co-Cathedral tinalipira mayuro 15 aliyense, ndipo ndinadandaula pakhomo, nditalowa ndinasiya. Kunja ndi kwa wamba, mkati ndi golide yekhayekha, pansi ponse ndi miyala ya manda ya asilikali a Yohane Woyera aja, n'chifukwa chake nsapato za gogoda saloleza. M'chipinda cham'mbali muli chithunzi chomwe Caravaggio anajambula mu 1608 cha kudulidwa mutu kwa Yohane Mbatizi, ndipo dzina lake analilemba m'magazi otuluka pakhosipo. Tikanagona ku Sliema kapena ku St Julian's, komwe kuli mahotela a zikepe ndi madamu osambira, bwenzi tsiku lililonse tikudikira basi kapena boti. Apa tikatopa tinkabwerera, kugona ola limodzi, n'kutulukanso.

Kukhala pakati pa zinthu kuli ndi phokoso lake. Mabelu a matchalitchi amayamba m'mamawa, ndipo matchalitchi ake ndi ambiri, lililonse ndi belu lake. Loweruka usiku nyimbo za m'mabala a ku Strait Street, kamsewu kopapatiza komwe kale amalinyero a Angerezi ankamwerako malipiro awo, zinkamveka chapatali mpaka pakati pa usiku. Masiku a chikondwerero amaphulitsanso makombola masanasana, oti ukhoza kutaya kapu. Mawindo ndi a galasi limodzi, satchinga kanthu. Ine wozolowera mashifiti a usiku ndimagona paliponse, koma wa tulo topepuka anyamule zotsekera m'makutu.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu ndi theka. Yathunthu ndachotsa chifukwa cha kabokosi ka makobidi ndi chuku chija, theka chifukwa cha giza. Masitepe sindiwawerengera, poti analemba, wosawerenga ndine. Amene muli ndi makolo okalamba, mwana wa pangolo kapena mawondo ovuta, funsani kaye kuti chipinda chili pa nsanjika yachingati, ndipo akuyankheni polemba. Funsaninso ngati kutenthetsa kuli mumtengo. Nyamulani chikwama cha kumsana m'malo mwa sutikesi, juzi yogona nayo ngati mukupita pakati pa Disembala ndi Malichi, ndi makobidi a yuro odzaza dzanja.

Tsiku lonyamuka ndege yathu inali ya madzulo, ndipo agogo aja anatisungira katundu pansi pa masitepe osatilipiritsa. Ndinawasiyira paketi ya tiyi yomwe inatsala, n'kuwachenjeza kuti aphikire madzi a m'botolo. Bambo anatsitsa okha hita ija mpaka pansi, sitepe imodzi imodzi, akupumira pa nsanjika iliyonse, mnyamata wa ku Nepal akuwatsatira pambuyo manja ali okonzeka kuwakha.