Chikwama changa chapakaunjika patatha miyezi 8

Abale, chikwama chija ndinagula pakaunjika ku Limbe mu Marichi, cha malita 60 chokhala ndi lamba wam'chiuno chija, pano chakwana miyezi 8 ndiye ndati ndinene mmene chandichitira, paja nthawi ijayi ndinachiyamikira chisanaone dzuwa olo mvula.

Ulendo woyamba unali wa ku Mulanje mu Juni, kumeneko ndinali ndi gaidi kuchokera pa Likhubula, tinagona ku Chambe kenako ku Chisepo nkukwera Sapitwa, mamita 3002. Chiperoni chinatipeza panjira ndipo kansalu kophimbira mvula kamene kanabwera ndi chikwamachi sikanathandize olo pang'ono, madzi ankadutsa kumsanaku mpaka chogonera chinanyowa, ndinachita kuchiyanika pamoto usiku. Chiyambire pamenepo ndimayamba ndalowetsa jumbo yakuda yaikulu mkati, zovala zonse mujumbomo, kumanga pakamwa, ndipo sichinanyowenso kanthu. Ku Chisepo komweko khoswe anaboola kathumba kam'mbali pofuna mtedza umene ndinasiyamo, imeneyo si mlandu wa chikwama ayi, chakudya muzichikoleka m'mwamba.

Koma pomwe ndinachidziwa bwinobwino ndi mu Ogasiti, ndili ndekhandekha m'mbali mwa nyanja kumpoto. Ndinakwera Ilala pa Nkhata Bay nkutsikira pa Usisya, kuchoka apo wapansi kudutsa Ruarwe mpaka Mlowe, kenako Chitimba. Pakati pa Usisya ndi Mlowe msewu wagalimoto kulibe, ndi kanjira basi kokwera nkutsika m'miyala, pena phiri lili kumanzere kwako phompho kumanja nyanja ili pansi apo, ndiye chikwama chikamagwedera kumsana chikhoza kukugwetsa. Ichichi chimakakamira thupi, sichimavina. Ndisananyamuke ndinachiyeza pasikelo ya ogula chimanga chinakwana makilo 14 ndi madzi omwe. Tsiku loyamba lamba ndinamumanga molekerera ndipo pofika madzulo mapewa anali moto, mawa lake ndinamumangitsa pamwamba pa mafupa am'chiunomu, katundu yense anakhala m'chiuno mapewa nkupuma. Kwa ine lamba ameneyu ndiye chikwamacho, mukamasankha pakaunjika muzimufinya ndi zala, ngati siponji yake inaphwa chisiyeni olo kunja chikuwala bwanji.

Tsiku limayenda chonchi, kudzuka mbandakucha asodzi akubwerako, tiyi, kupinda tenti, kuyenda mpaka cha m'ma 11 dzuwa likayamba kuswa mtengo nkukhala pansi pa mango mpaka litapendeka. Madzi ndinkatunga pamjigo kapena pamtsinje nkuthira WaterGuard, ndipo matumba am'mbali aja mkono umafikira botolo osatula chikwama, zimaoneka zazing'ono koma ukakhala wekha palibe wokupatsira. Madzulo ndikafika pamudzi ndinkayamba ndafunsa kwa amfumu kuti andionetse poika tenti, Chitumbuka changa ndi cha monire ndi yewo basi koma anthu ankandilandira, mayi wina anandipakulira kondowole ndi usipa wauwisi ndinadya mpaka mbale mbee. Ikamakwana 7 kunja kuli zii, netiweki kulibe, mwera ukuwomba tenti, apo mpomwe umasowa woyankhula naye, ndinkangotsamira chikwama chomwecho ngati pilo nkumamvera mafunde mpaka tulo.

Chimene chinandiwawa ndi zipi yakathumba kapamwamba, inafa tsiku lachitatu chifukwa cha mchenga, ndipo mmenemo ndi momwe ndimasunga tochi, mankhwala ndi ndalama, paja kumeneko ndalama uzikhala nazo m'manja. Ndinayenda masiku otsalawo nditabaya mapini. Telala ku Mzuzu anandiikira zipi ina yamano akuluakulu ndipo mpaka pano ili bwino. Kumsana chimatenthetsanso, thukuta limasiya mizere yoyera yamchere imene sichoka olo uchape ndi sopo.

Chomaliza chinali chitunda cha Chitimba kupita ku Livingstonia, makilomita pafupifupi 15 ndi makona 20 aja, ndinanyamuka kusanache nkukafika pa mathithi a Manchewe miyendo ikunjenjemera koma msana osamva kanthu. Nditafika kunyumba ndinachitembenuza kuyang'ana msoko uliwonse, palibe womasuka, pansi pokha ndi pomwe payamba kupyapyala chifukwa chotulira pamiyala, ndiye ndasoketsapo chigamba cha tenti yakale. Chaka chamawa mvula ikatha ndikufuna kuyenda nacho pa Nyika.