requests kapena httpx: maziko a laibulale yanu ya Python

Amalawi ambiri olemba mapulogalamu kuno ku Johannesburg timafika polemba kalaibulale ka Python kolumikizira API ya ena, kaya ya zolipira, kaya yotumizira ma SMS, n'kukaika pa GitHub kuti anzathu agwiritse ntchito. Pansi pake timayala requests kapena httpx, malaibulale awiri otumizira mapempho ku seva pa intaneti. Kalembedwe kake n'kofanana, get(), post(), response.json(), koma zimasiyana pa zimene zimachita zokha inu musanalamule, ndipo zimenezo n'zimene wogwiritsa ntchito laibulale yanu amatengera osadziwa.

Nkhani yaikulu ndi nthawi yodikira. requests ilibe timeout (malire a nthawi yodikira) yakeyake. Mukaiwala kuika, seva ikakhala chete pulogalamu imangodikira osaleka, ndipo masiku amene magetsi athima, netiweki n'kumadukaduka, vutoli limaonekera msanga. httpx imadula yokha pakadutsa masekondi 5 popanda chobwera, ndipo imagawa nthawiyo panayi: connect, read, write ndi pool. requests imalandira ziwiri zokha, connect ndi read, monga timeout=(3, 30). Dziwani kuti konseku nambalayi si nthawi ya pempho lonse; seva yotumiza pang'onopang'ono ikhoza kukusungani nthawi yaitali osadulidwa. Kaya mwasankha iti, ikani timeout pa constructor ya client yanu, ndipo nambala yake ilembedwe mu README.

Seva ikayankha 301 kapena 302, makhodi okutumizani ku adiresi ina, requests imatsatira yokha, pomwe httpx imaima pokhapokha mutalemba follow_redirects=True. Osamuka kuchoka ku requests amagwa apa kawirikawiri, chifukwa raise_for_status() ya httpx imaona yankho la 302 ngati cholakwika.

Pa kubwereza pempho lolephera, requests ili patsogolo. Mumamangirira HTTPAdapter pa Session, n'kuipatsa Retry ya urllib3, n'kusankha kuti ibwereze kangati, ipume motani, pa makhodi ati, monga 429 (mapempho achuluka) ndi 503 (seva siyikutha kuyankha pakali pano). Ku httpx, HTTPTransport(retries=3) imabwereza kulumikiza kukakanika basi; zotsalazo mulemba nokha. Chenjezo kwa olemba za ndalama: musabwereze POST mwachisawawa. Yankho likhoza kutayika m'njira seva italandira kale pempho, munthu n'kulipira kawiri.

Konseko gwiritsani ntchito Session imodzi (requests) kapena Client imodzi (httpx), zimene zimasunga kulumikizana kotseguka, osati requests.get() paliponse. Seva ikakhala ku Ulaya, kutsegula TCP ndi TLS kwatsopano pa pempho lililonse kumadya maulendo angapo opita ndi kubwera. Perekani close() ndi with kuti wogwiritsa ntchito athe kutseka.

Ngati ena adzafuna async (pulogalamu kumachita zina ikudikira yankho), httpx yapambana: ili ndi Client ndi AsyncClient zofanana maonekedwe, ndipo HTTP/2 imatheka mukaika httpx[http2]. requests ilibe zonse ziwirizi. Poyesa khodi, MockTransport ya httpx imakulolani kuyankha mapempho popanda intaneti.

Koma httpx idakali pa manambala oyamba ndi 0, kutanthauza kuti zinthu zikhoza kusintha. Mu version 0.28 anachotsa argument ya proxies, ndipo malaibulale amene ankadalira zimenezo anasweka. Choncho ikani malire a version mu pyproject.toml. requests, imene inayamba mu 2011, sisintha kawirikawiri.

N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti maziko asaonekere kunja. Musabweze Response ya httpx kwa wogwiritsa ntchito, ndipo musamusiye agwire httpx.ConnectError. Pangani exception yanu imodzi yaikulu, pansi pake za timeout, za kukanidwa kulowa ndi za 429, n'kukulunga zochokera pansi ndi raise ... from. Mukadzasintha maziko, khodi ya anthu sidzasweka.

Pa zolemba zofotokozera, requests imagwiritsa ntchito Sphinx, httpx MkDocs. Sphinx imatenga docstring kudzera mu autodoc ndipo imatha kuyesa zitsanzo ndi doctest, chinthu chofunika chifukwa chitsanzo chosayesedwa chimakalamba mwakachetechete. MkDocs ndi Markdown chabe, yosavuta kwa wothandiza watsopano, koma mufunika mkdocstrings kuti itulutse tsamba la API. Chimodzi choyenera kutengera kwa httpx ndi tsamba lake lofotokoza pamene imasiyanira ndi requests. Nanunso lembani lotere pa kusintha kulikonse kothyola khodi.

Laibulale yatsopano imene idzafuna async, tengani httpx, muike malire a version. Yaing'ono ya sync yokha, yodalira kwambiri kubwereza, requests ikukwanira, bola timeout ikhale yokakamiza.