Kabotolo ka ma sterol kapena phala la oats?

Adokotala atauza amayi anga kuti kolesterolo yawo yakwera, tinkakangana ndi achemwali anga kuno ku Chilenje. Iwo amafuna tizigula timabotolo ta yogati tothiramo ma plant sterol, makamaka tolembedwa kuti "prebiotic fibre". Ine ndimati phala la oats ndi nyemba za ku Soweto Market zikwanira.

Kabotolo kali ndi mphamvu yake, sindikukana. Ma sterol a zomera amafanana kwambiri ndi kolesterolo, ndiye m'matumbo amalimbirana malo pa timadontho ta mafuta timene ndulu imapanga. Kolesterolo yosowa malo imatuluka ndi chimbudzi. Magalamu 1.5 mpaka 2.4 patsiku amatsitsa kolesterolo yoipa ija, LDL, ndi 7 mpaka 10 peresenti pakatha milungu iwiri kapena itatu. Koma muzimwa pa nthawi ya chakudya, poti ndulu imatuluka munthu akadya. Amayi akanamwa mmamawa m'mimba mulibe kanthu, ndalama zina zikanangopita pachabe. Ukasiya kumwa, kolesterolo imabwerera. Amayi apakati, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 5 sayenera kumwa.

Pa fibre ndi pamene achemwali anasokonezeka. Fibre yotchedwa prebiotic ndi monga inulin ndi GOS. Inulin, yomwe imapezekanso mu anyezi ndi adyo, ndi GOS yochokera ku shuga wa mkaka, zimadutsa m'mimba osagayika n'kukadyetsa tizilombo tabwino ta m'matumbo aakulu. Sizinanda. Ya mu oats, beta-glucan, ndi ina: siyani phala lizizire muone mmene limatererera pa supuni, ngati delele. Kunanda kumeneko ndi kumene kumakola ndulu n'kutuluka nayo, chiwindi n'kutenga kolesterolo m'magazi kuti chipange ndulu ina. Pamafunika magalamu 3 a beta-glucan patsiku, omwe ndi oats wouma pafupifupi magalamu 75.

Kodi fibre ya m'kabotolo imatsekereza ma sterol? Akatswiri amayesa zimenezi m'labu ndi njira ya INFOGEST ya mu 2014, yotsanzira mmene thupi limagayira chakudya: chakumwa chimakhala mphindi 2 m'malovu opanga, maola 2 mu asidi wonga wa m'mimba, maola 2 mu ndulu, kenako amayeza ma sterol omwe asungunuka. Koma kuyesaku n'kwa m'galasi, momwe mulibe magazi, ndiye sikupereka yankho lonse. Ndiponso thupi limayamwa ma sterol a zomera osakwana 5 peresenti, ntchito yawo imathera m'matumbo momwemo.

Ine ndinaima pa oats ndi nyemba za kabulangeti, chifukwa tingazikwanitse tsiku lililonse mpaka mwezi kutha, ndipo amayi amakhuta. Amene thumba likuwalola awonjezere kabotolo, koma ayang'ane magalamu a sterol pa lebulo, osati liwu la prebiotic. Mapiritsi a statin, otsitsa kolesterolo, amene adokotala anapereka, amayi akumwabe usiku uliwonse, ndipo pa zimenezo sitinakanganepo.